Makiyi Khumi ndi Awiri

Bwana Valadares anachoka usiku.
Anasiya jekete pa msomali, magalasi pa tebulo,
ndi makiyi khumi ndi awiri pa waya umodzi.
M'mawa belu silinalire.
Tinaima pa geti, akazi makumi asanu ndi atatu,
kudikira wina atikalipire kuti tachedwa.
Custódia ndiye anayamba kuseka.
Maboti anali atafika kale padoko la Setúbal,
ndipo nsomba siidikira kuti anthu agwirizane.

Tinalowa. Tinadula mitu, tinachotsa matumbo,
tinayala sadini m'zitini, mutu kumchira, mchira kumutu,
monga manja athu adziwira chiyambire utsikana.
Palibe anatiuza chochita.
Ndinadzifunsa: nanga zaka zonsezi
kapitawo ankadyera chiyani?

Yankho linabwera Lachinayi,
ayezi atatha, mchere utatsala matumba awiri,
wa mafuta a olivi ataima pakhomo, akufuna zake pamanja.

Tinakumana m'chipinda cha mchere.
Anacleto wa makina, wokonda mabuku, anati:
malipiro afanane, wosesa ndi wa mu ofesi chimodzimodzi.
Tinakweza manja, mamba akung'anima m'zala.
Kenako Ermelinda, mayi wa ana asanu, chapansipansi:
afanane pa munthu, kapena pa kamwa?
Anacleto anatsegula buku lake,
nalitsekanso.

Nanga ngalande?
Ija ya kuseri, yodzaza matumbo ndi ntchentche,
kumene kale ankatumako woyankha mwano.
Aliyense anayang'ana nsapato zake.
Ufulu tinaufuna tonse, fosholo inasowa mwini.
Tinalemba maina pa khoma ndi choko, motsatana,
la Anacleto pakati, langa pansi pake.

Makiyi anapatsa ine, Belmira, kwa miyezi itatu,
ati sindimwa, ndipo kuwonkhetsa ndimatha.
Ati tsiku lililonse angandilande
manja okwera akachuluka.
Ndinawamanga m'chiuno. Salemera kwenikweni.
Koma sabata yachitatu ndinamva pakamwa panga
pakutuluka mawu a munthu wina:
Custódia, wachedwa mphindi khumi.
Anandiyang'ana kuyambira kumapazi,
iye amene ndinagawana naye buledi wouma chaka cha sitalaka.
Anati: jekete lija likadali pa msomali,
pita ukaliyese.

Usiku umenewo ndinaika makiyi m'mbale ya madzi
ngati chinthu chotentha.

Kunabwera mnyamata wa chipani kuchokera ku Lisbon,
nsapato zopukuta, mtima wabwino ndithu.
Anati zitini zathu ziwerengedwe pamodzi ndi za dziko lonse
kuti wa kumapiri, wosaonapo mafunde, adyeko.
Sananame.
Tinamufunsa: nanga wowerengayo amuwerenga ndani?
Makiyi ake tingamulande tili kuno?
Analemba funsolo m'kabuku kake.
Tinamupatsa mpeni kuti ayese.
Anadula mitu isanu, ndi chala chake.
Ermelinda anam'manga nsanza, akumutcha mwanawe.

Yankho lake silinafike.
Mwina lili m'njira. Mwina nayenso akufunsa wina.

Miyezi yanga yatha dzulo.
Asankha Ermelinda, amene sadziwa kuwerenga,
ndiye madzulo ndimakhala naye pa buku la ndalama,
chala chake chikuyenda pansi pa manambala
ngati akufufuza minga m'nsomba ya mwana.
Wapeza kale pamene ndinalakwitsa pawiri,
ndipo wanena pamsonkhano, pamaso pa onse.
Nkhope inanditentha. Ndinakweza dzanja kuvomera.

Za belu tavota kasanu ndi kawiri.
Ena akuti lilire, ena akuti aligwetsere m'nyanja.
Pakadali pano aliyense amayang'ana dzuwa ndi mnzake.
Jekete palibe walichotsa,
njenjete zayamba kumapewa.

Lero choko chafika pa dzina langa.
Ndili kuseri, nsapato za mphira mpaka m'maondo,
fosholo m'manja, m'chiuno mopepuka.
Custódia wadutsa atanyamula dengu,
wachedwanso,
waima, waika dengu pansi,
wapita kukatenga fosholo ina.